Za Mitambo ya m'Chipululu cha Namib

Inu abale athu a m'midzi, amene muwerenga masamba awa madzulo mutaweruka kumunda, mudziwa bwino kuti mlimi sayang'ana kumwamba mwachabe. Akatukula maso ali ndi funso limodzi lokha: kodi igwa kapena siigwa? Ifenso tidaleredwa motero. Tsono mwezi uno tifuna kukusimbirani za dziko lina kumene tidaona mitambo yokongola koposa yonse imene tidaionapo chibadwire, koma yosagwetsa ngakhale dontho limodzi. Ndiponso za mkulu wina woweta mbuzi amene adatiphunzitsa kuizindikira.

Dziko lake ndilo Namibia, kumadzulo kwa Botswana, ndipo chipululucho achitcha Namib. Chitsata gombe la nyanja yaikulu ya Atlantic mtunda wa makilomita 2,000, kuyambira kumwera kwa Angola kufikira m'dziko la South Africa. Anthu ophunzira za miyala anena kuti chili pakati pa zipululu zakale koposa pansi pano, pakuti chakhala chouma zaka zokwana 55 miliyoni. Ku Walvis Bay, mzinda wa padoko, mvula ya chaka chathunthu kawirikawiri siifika mamilimita 20. Kuti mumvetse bwino, kumbukirani kuti ku Lilongwe igwa yoposa mamilimita 800 pa chaka. Ndiye kuti mvula imene kwathu igwa masana amodzi, kumeneko aidikira chaka chonse, ndipo zaka zina siibwera nkomwe.

Njira yake

Tidanyamuka ku Windhoek m'mawa wa pa 5 March 2019, anthu anayi m'galimoto imodzi, pamodzi ndi woyendetsa, mnyamata wa komweko wodziwa Chinama ndi Chingerezi, amene adakhalanso wotimasulira. Tidanyamula ufa, nyemba, mahema awiri ndi zigubu za madzi. Windhoek ali pamwamba, mamita 1,700 kuchokera pamwamba pa nyanja, ndipo njira yonse ya kumadzulo ndi yotsika. Poyamba tidaona mitengo ya minga ndi ng'ombe zoonda, pakuti chaka chimenecho mvula idakana m'dziko lonselo. Titatsika phiri la Gamsberg mitengo idayamba kuchepa, pambuyo pake udzu womwe udatha, ndipo kudatsala miyala yokhayokha.

Masana tidaoloka chigwa chakuya cha mtsinje wa Kuiseb. M'mapanga a m'chigwa chimenecho mudabisala Ajeremani awiri, Henno Martin ndi Hermann Korn, akatswiri a miyala, amene adathawiramo mu 1940 pokana kutsekeredwa pa nthawi ya nkhondo yaikulu, nakhala m'chipululu zaka ziwiri ndi miyezi ina, akudya nyama zosaka ndi kumwa madzi a m'zithaphwi. Ife poona malowo tidagwira pakamwa, pakuti sitidaone kanthu koti munthu nkukhalira moyo ngakhale sabata imodzi.

Dzuwa litapendeka tidafika pa Homeb, mudzi waung'ono wa m'mbali mwa Kuiseb, m'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Namib-Naukluft, imene kukula kwake kuyandikira makilomita 50,000 m'bwalo lake lonse. Pamenepo pakomana maiko atatu osafanana. Kumpoto kuli chidikha cha timiyala totuwa, chosalala ngati bwalo lopunthirapo mapira, kufikira kumene maso alekezera. Kumwera kuli mapiri a mchenga wofiira, otsatana ngati mizere ya m'munda wa chimphona. Pakati pake padutsa mzere umodzi wa mitengo yobiriwira, ndiwo mtsinje. Koma musaganize za Shire kapena Linthipe: mtsinjewo ndi mchenga wouma, ndipo uyenda madzi masiku owerengeka okha pa chaka. Ngakhale zili choncho, masiku owerengekawo akwanira kukokolola mchenga wonse umene mphepo idathiramo, kotero kuti mapiri ofiira aja alephera kuolokera kumpoto.

Mchengawo udachokera kutali. Mtsinje wa Orange udaunyamula m'kati mwa South Africa nuuthira m'nyanja. Nyanja idaukankhira kumpoto motsata gombe, ndipo mphepo idaubwezera kumtunda. Kufiira kwake ndi dzimbiri la chitsulo chimene chili m'timchengamo, monga khasu lifiira likagona pabwalo. Mu 2013 bungwe la UNESCO lidalemba nyanja ya mchenga imeneyi pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse.

Chimene chidatikondweretsa koposa ndi ichi: mitengo yaikulu ya mumtsinjemo ndi misangu, yomweyo imene muisiya m'minda mwanu kuti inonetse nthaka. Tidaimva ngati mbale wathu amene tamupeza kuchilendo. Eni mudziwo ndi anthu a mtundu wa Topnaar, nthambi ya Anama, amene akhala m'mbali mwa Kuiseb zaka mazana ambiri. Aweta mbuzi ndi abulu, ndipo ziwetozo zidya nyemba za msangu zogwa pansi. Akololanso chipatso cha minga chotchedwa !nara, chonga vwende laling'ono, chomera pa chitsamba chopanda masamba chimene mizu yake itsika pansi kwambiri kufuna madzi. Chizindikiro chili patsogolo pa dzinalo chitanthauza kuliza lilime, monga achita m'chinenero chao.

Madzulo oyamba

Tidamanga mahema athu pa mchenga wofewa m'kati mwa mtsinje, patsinde pa msangu waukulu, pakuti pamtunda padali miyala yolasa. Tili mkati mosonkha moto, mmodzi wa ife adaloza kumwamba. Kuchokera kum'mawa kudali kutambalala mitambo yoyera yopyapyala, yonga ndevu za chimanga, ina yopindika kumapeto ngati nthenga za tambala. Pasadapite nthawi idafika pamutu pathu nipitirira kumadzulo. Ife, ana a alimi, tidachita chimene manja athu adazolowera: tidalowetsa ufa m'galimoto, tidafunditsa nkhuni, ndipo awiri adatenga fosholo nayamba kukumba ngalande kuzungulira hema.

Pamenepo padatulukira mkulu wina wa imvi, ali ndi ndodo, akutsata mbuzi zake. Adaima natiyang'ana nthawi, ndipo tidampatsa moni kudzera mwa mnyamata uja.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, ana anga. Nanga mukumbiranji?"

"Tiopa mvula, bambo. Taonani mitambo."

Mkuluyo adaseka mpaka kutsamira ndodo yake. Ndipo adati: "Imeneyo si mvula yanu, si yanganso. Ndi fungo la ndiwo za kwa mnansi. Kwirirani dzenje lanulo, mubwere mudzaone."

Tidachita manyazi, koma tidamtsata kukwera pa chitunda cha miyala kumpoto kwa mtsinje, nitikhala pansi. Nthawi idali itapitirira 7 koloko, ndipo dzuwa lidali lisadalowe. Namibia ayendera nthawi imodzimodzi ndi ya kwathu, koma pokhala dzikolo lili kutali kumadzulo, dzuwa lichedwa kulowa koposa ora lathunthu.

Tsono timve tikuuzeni mwatsatanetsatane zimene tidaona. Dzuwa lili pafupi kukhudza nthaka, mitambo ija idasanduka yachikasu ngati uchi wa m'malesa. Mapiri a mchenga adayaka mbali imodzi ngati makala, mbali inayo ili bii. Dzuwa lidamira, ndipo pansi padayamba mthunzi. Ife tidanyamuka poyesa kuti zatha. Mkulu uja adatikhazika ndi dzanja. Patapita mphindi zisanu mitambo idasanduka ngati mkuwa wotuluka m'ng'anjo. Patapita zina zisanu thambo lonse, kuyambira kumadzulo kufikira pamutu pathu, lidali psuu, kotero kuti nkhope zathu, malaya athu ndi ubweya wa mbuzi zoyera zonse zidafiira. Pambuyo pake kufiirako kudayamba kuthawa, kuyambira kum'mawa, ndipo kudatsala chibakuwa, kenaka phulusa. Palibe mmodzi wa ife adalankhula. Nyemba zathu zidapserera pamoto, ndipo sitidadandaule.

Chifukwa chake cha zimenezi

Kapena ana anu adzakufunsani kuti zimenezi zichitika bwanji. Tsono tifotokoze monga tidaphunzirira pambuyo pake.

Mitambo siikhala pa msinkhu umodzi. Ya mvula, yakuda ndi yolemera ija, tsinde lake likhala pafupi, kilomita imodzi kapena ziwiri kuchokera pansi. Koma yonga ndevu za chimanga ikhala pamwamba koposa makilomita 6, ndipo kawirikawiri ifika 10 kapena 12. Phiri la Mulanje ndi la mamita 3,002. Mukasanjika Mulanje atatu, pamenepo mwayandikira kumene ikhala. Kumeneko kuzizira koopsa, kotero kuti mitamboyo siili ya madontho a madzi, koma ya timadzi touma gwa, abale ake a matalala, koma tating'ono ngati fumbi. Tikayamba kugwa tiuma m'njira, tisadafike ngakhale pakati. Mngerezi wina, Luke Howard, ndiye adapatsa mitambo maina mu 1802, ndipo iyi adaitcha cirrus, liwu la Chilatini lotanthauza tsitsi lopotana. Mainawo agwirabe ntchito kufikira lero.

Nanga kufiira kuchokera kuti? Kuwala kwa dzuwa kuoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yonse ya utawaleza. Pamene kuwalako kupyola mu mpweya, mpweya ukupeta monga mayi apeta mphale m'lichero: gaga auluka, mphale itsala. Mtundu wa buluu ndiwo gaga. Umwazika mosavuta mbali zonse, ndipo nchifukwa chake thambo la masana lioneka la buluu. Wofiira ndiwo mphale. Upitirira osamwazika kwambiri. Masana dzuwa lili pamutu, njira ya kuwala mu mpweya ndi yaifupi. Koma madzulo kuwalako kubwera chopingasa, ndipo kupyola mpweya wochuluka pafupifupi ka 40 kuposa wa masana. Pofika kwa ife buluu yense wapetedwa, kwatsala chikasu ndi kufiira. Amene adalongosola zimenezi ndi masamu ndi Mngerezi winanso, Lord Rayleigh, mu 1871.

Koma kuwala kofiirako kufuna pogwera kuti kuoneke, monga utoto ufuna nsalu. Mitambo yam'mwamba ndiyo nsalu yoyera yoyanikidwa. Mudziwa kuti nsonga ya phiri ikhalabe ndi dzuwa pamene midzi ya patsinde ili kale mumthunzi. Momwemonso mitambo iyi ilandirabe dzuwa mphindi 15 kapena kuposerapo litalowa kale kwa ife, ndipo ililandira kunsi kwake, mbali imene ife tiiona. Ichi ndicho chifukwa chake mkulu uja adatiletsa kunyamuka.

Ndipo chipululu chipambana pa zimenezi pa zifukwa zitatu. Choyamba, kulibe mitambo yapansi yotchinga njira ya kuwala. Chachiwiri, mpweya wake ndi wouma ndi woyera. Chachitatu, kulibe mitengo kapena nyumba zobisa mphepete mwa thambo. Ambiri ayesa kuti fumbi ndilo likometsa kulowa kwa dzuwa, koma si choncho kwenikweni. Kumbukirani mwezi wa October kwathu, pamene tchire lipsa ndipo utsi udzaza dziko: dzuwa lifiira ngati phwetekere, inde, koma thambo lonse likhala lotuwa. Ku Namib nakonso, m'miyezi yozizira, ikaomba mphepo yotentha yochokera kum'mawa ndi kuutsa fumbi, mitundu izilala. Chimene chikometsadi ndi utsi wosalala wokwera kutali pamwamba pa mitambo yonse, wonga umene mapiri a moto aulavula. Litaphulika phiri la Krakatoa mu 1883, ndiponso la Pinatubo ku Philippines mu 1991, anthu a m'maiko ambiri adaona madzulo ofiira modabwitsa kwa miyezi yambiri.

Tikuuzeninso china chimene mungathe kuchiona ngakhale kwanu. Dzuwa litangolowa, fulatirani kumadzulo, muyang'ane kum'mawa. Mudzaona lamba wotuwa moderapo akukwera kuchokera pansi, ndipo pamwamba pake lamba wina wofiirira. Woderayo ndiwo mthunzi wa dziko lathu lomwe lino, wogwera pa mpweya. Usiku suchita kugwa kuchokera kumwamba. Uchita kukwera kuchokera kum'mawa.

Chenjezo la mkulu uja

Chisisira chitagwa tidatsika kunka ku mahema, ndipo mkuluyo adatiperekeza. Ataona pamene tidamanga, nkhope yake idasintha. Adatitembenuzira kum'mawa naloza ndi ndodo. Kutali zedi, pansi penipeni pa thambo, kudali kung'anima kwa mphezi, kopanda bingu, konga munthu akuyatsa machesi kuseri kwa phiri.

"Ana anga," adatero, "mudaopa chosaopsa, ndipo choopsa mwachigonera. Zulani mahema anu tsopano lino."

"Koma bambo, kuno kulibe mtambo ndi umodzi womwe. Nyenyezi zili mbee."

"Mtsinje uwu sumwa mvula ya kuno. Umwa ya uko. Ubwera usiku, wopanda odi, utasenza mitengo."

Adanena zoona. Kuiseb achokera ku mapiri a Khomas, kufupi ndi Windhoek, ndipo utali wake uyandikira makilomita 500. Mvula ikagwa yambiri kumapiriko, madzi atsika m'chigwa cha miyala chimene sichimwa kanthu, nafika kuchipululu patapita usiku umodzi kapena masiku awiri, kumene thambo lili loyera. Mitambo yathu yokongola ija idali nsonga za mitambo ya mabingu ya kumapiriko, zimene mphepo ya m'mwamba idazidula nizikokera kumadzulo. Pamenepo tidamvetsa za fungo la ndiwo za kwa mnansi. Tidazula mahema mumdima, nitikagona pa miyala yolasa ija.

Usiku umenewo kudalibe mwezi. Mlalang'amba udaoneka ngati ufa wotayika m'njira, ndipo kumwera tidaona timitambo tiwiri toyera tosasuntha ndi mphepo. Mnyamata wathu adati si mitambo konse, koma magulu a nyenyezi zosawerengeka, akutali kotero kuti kuwala kwake kuyenda zaka zoposa 150,000 kuti kutifike. Azungu azitcha mitambo ya Magellan. Tidaseka tokha, kuti m'dziko limeneli ngakhale usiku uli ndi mitambo yake yopanda mvula.

Kutacha tidathamangira kumtsinje. Mchenga udali wouma monga dzulo, ndipo mapazi athu adali pomwepo. Mmodzi wa ife adang'ung'udza kuti tavutika chabe. Koma tidapeza mkulu uja ataima pakati pa mtsinje, akuyang'ana kumtunda, ndipo tidazindikira kuti iye sadagone, ndi kuti chimene ife tidachiopa iye adachilakalaka. Adatifotokozera kuti misangu imwa madzi a pansi pa mchenga, ndipo madziwo abwerera pokhapokha mtsinje ukasefukira. Ukapanda kubwera zaka zotsatana, madzi atsika, mitengo ichepetsa nyemba, ina iuma, ndipo mbuzi zitsata. Adakumbuka chaka cha 2011, pamene mtsinje udayenda miyezi ingapo ndipo chidikha cha miyala chidamera udzu. "Chaka chino," adatero, "ndiwerenga mphezi usiku uliwonse, ndipo m'mawa ndiwerenga mbuzi."

Madzi a m'nkhungu

Tidakhala pa Homeb masiku anayi. M'mawa wa tsiku lachitatu tidadzuka m'bandakucha, nthanda ili pamwamba pa mapiri a kum'mawa, ndipo tidamva kuzizira pankhope. Kuchokera kunyanja kudabwera nkhungu yoyera, yokwawa pansi, yonga chiperoni cha ku Thyolo koma yopanda mvula. Mahema adanyowa, ndipo minga ya zitsamba idalendewera madontho.

Apa ndipo pagona chinsinsi cha chipululuchi. M'gombe lake muyenda madzi ozizira ochokera kumwera, otchedwa Benguela. Madziwo aziziritsa mpweya wapansi, ndipo mpweya wozizira ndi wolemera, sukwera. Pamwamba pake pakhala mpweya wofunda ngati chivundikiro pa mphika. Tsono mvula ibadwa pokhapokha mpweya wonyowa ukakwera kutali. Apa ulephera, nungosanduka nkhungu. Kugombe nkhunguyo ibwera masiku oposa 100 pa chaka. Ndipo mpweya wonyowa wochokera ku nyanja ya Indian, umene utigwetsera mvula ife a kum'mawa, ufika kuno utakhuthula kale madzi ake m'njira yonse yodutsa Africa.

Zamoyo za m'chipululu zidaphunzira kumwa nkhunguyo. Pali kachikumbu kakuda kamene kakwera pa msana wa phiri la mchenga usiku wa nkhungu, nikazondoka mutu pansi, msana kumphepo. Madontho aunjikana pamsana pake natsikira kukamwa. Kunsi kwa Homeb, pamalo otchedwa Gobabeb, pali nyumba ya kafukufuku imene adaiyambitsa mu 1962 katswiri wa tizilombo wa ku Austria, Charles Koch, ndipo kumeneko aphunzira zotere. Iwo apeza kuti pamalopo mvula ya chaka ili ngati mamilimita 25 okha, ndi kuti nkhungu ndiyo ibwera mokhulupirika koposa mvula. Dzuwa litakwera pang'ono nkhungu yonse idatha. Akulu adati mlendo ndi mame. Tidaona kuti kumeneko mwambiwo ukhoza kutembenuzidwa, pakuti mame ndiwo mlendo amene mudzi wonse umdikira.

Madzulo a tsiku lomaliza kudabwera mtambo wina wosiyana, wotuwa ndi wonenepa, ndipo kunsi kwake kudalendewera mizere yakuda ngati mphonje za nsalu. Imeneyo idali mvula yeniyeni, ikugwa ife tikuona. Ana a m'mudzi adatuluka m'nyumba. Koma mizereyo idalekezera m'malere, pakuti mpweya wouma wa pansi udaimwa yonse isadafike. Dzuwa polowa lidaipaka kufiira, ndipo kamwezi katsopano kadaoneka pambali pake ngati chikhadabo. Sitidaonepo chinthu chokongola chotero, ndiponso sitidaonepo anthu akubwerera m'nyumba mwakachetechete chotero. Kuyambira pamenepo tidachita manyazi kuyamikira mitundu ya thambo mokweza mawu pamaso pa eni mudzi.

Potsazikana tidasiyira mkulu uja ufa ndi shuga zimene zidatsala, ndipo iye adatipatsa nthanga za !nara zokazinga m'kathumba.

"Pitani bwino, ana anga. Kwanu igwa?"

"Igwa, bambo, chaka ndi chaka."

"Mukaipatse moni."

Uthenga wa kwathu

Pa 9 March tidafika ku Walvis Bay, ndipo mafoni athu, amene adali chete masiku onsewo, adayamba kulira. Uthenga udali wa kwathu ku Chikwawa. Masiku omwewo amene ife tidakhala pa chitunda kuyang'ana mitambo youma, kumwera kwa Malawi mvula idagwa usana ndi usiku osalekeza. Shire adasefukira, midzi idamira, ndipo pa 8 March boma lidalengeza kuti kwagwa tsoka. Abale athu adapulumuka pothawira kusukulu ya pamtunda, koma nyumba ya alamu athu idagwa, ndipo chimanga chimene chidali pafupi kucha chidapita ndi madzi. Mphepo yomweyo idabwerera kunyanja, nikula, nisanduka namondwe wotchedwa Idai, amene adakantha mzinda wa Beira usiku wa pa 14 March, napha anthu oposa 1,000 m'maiko a Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Ndipo ku Namibia mvula idakanabe, kotero kuti mu May chaka chomwecho boma la kumeneko nalonso lidalengeza za tsoka la chilala, ndipo ziweto zikwi zambiri zidafa.

Tidaima pagombe madzulo amenewo, nkhungu ikulowa, tili ndi moni wa mkulu uja m'kamwa, osadziwa tikaupereka bwanji. Walira mvula walira matope, adatero makolo. Koma sitidaganizepo kuti wolira mvula ndi wolira matope angakhale pa mwezi umodzi, wina kumadzulo kwa Africa, wina kum'mawa, ndi kuti ife tidzakhala ndi chisoni cha onse awiri.

Titabwerera kwathu ndi kuthandiza kumanga, tidaona kuti phunziro la mkulu uja lili ndi ntchito ngakhale kuchigwa cha Shire. Madzi amene amiza midzi ya kuchigwa kawirikawiri sagwa pamutu pa eni midziyo. Agwa ku mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Mwanza, natsika ndi Ruo ndi mitsinje ina, nthawi zina usiku. Chifukwa chake, abale, musayang'ane mtambo wa pamutu panu wokha. Yang'anani kumene mtsinje wanu uchokera. Mukaona mphezi kumapiri usiku, ngakhale kwanu kuli nyenyezi, chotsani ana, ziweto ndi mbewu kumadimba. Ndipo pomanga nyumba musakhulupirire khwawa chifukwa chakuti lauma. Alamu athu adamanganso pamtunda, pa miyala yolasa.

Koma tikupemphaninso chinthu china chopepuka. M'miyezi ya May, June ndi July, zokolola zili m'nkhokwe ndipo utsi wa lupsa usadayambe, mitambo yonga ndevu za chimanga ibwera ndi kwathu komwe. Pamenepo palibe chifukwa chofunsa ngati igwa kapena siigwa. Itanani ana, mukhale nao pa chulu kapena pakhonde loyang'ana kumadzulo. Dzuwa likamira musanyamuke msanga. Dikirani mphindi 15, ndipo pambuyo pake mutembenukire kum'mawa, muwaonetse mthunzi wa dziko ukukwera. Mukatero muwauze kuti kutali kumadzulo, m'mbali mwa mtsinje wa mchenga, kuli anthu oweta mbuzi pansi pa misangu yonga yathu, amene ayang'ana thambo lomweli madzulo onse, akudikira madzi.

Nthanga zija tidadya zina m'njira, zina tidagawira ana. Zikoma ngati nthanga za maungu. Tsalani bwino.